Za Nkhuni, Dizilo ndi Sola: Zimene Buku la Chuma Landiphunzitsa

Mawu amene anayankhula mayi amene anali msungichuma woyamba wa kopaletivi yathu, pa mwambo wokumbukira kuti takwanitsa zaka khumi, pa Rumphi Boma



Ndiyankhula m'Chichewa chifukwa alendo athu ena achokera kutali, Chitumbuka chimawadutsa. Mukamva lilime likupotoka apa ndi apo mundikhululukire, ndi la konkuno.

A wapampando atandiuza kuti lero ndiime pano, ndinkaganiza kuti andipatsa nkhani ya masheya ndi mabonasi, poti buku la chuma ndinalisunga zaka zingapo. Iwo anati, "Ayi mama, inu mukambe za magetsi ndi nkhuni." Chifukwa chake ndinachidziwa pomwepo. Ndine amene ndinasayina cheke cha mabatire aja. Akale ndikuona mwayamba kale kuseka. Atsopano dikirani pang'ono, ndifikapo.

Mukatsegula buku lathu la chuma kuyambira tsamba loyamba, mupeza mzere wina umene subwera kamodzi pachaka ngati mbewu kapena matumba. Umabwera mwezi ndi mwezi, nthawi zina sabata ndi sabata: mayunitsi, dizilo, oyilo wa jenereta, kukonzetsa jenereta, dizilo kachiwiri. Soya, mtedza ndi mpendadzuwa timalima ife, koma gawo lina la thukuta lathu limathera pa mzere umenewu tisanagawane kanthu. Ndipo pali ndalama ina imene simalowa m'buku lililonse, ndiyo ya msana wa mayi amene amasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri. Imeneyo ndiikamba kumapeto, chifukwa kwa ine ndiyo yaikulu.

Ife a ku Rumphi nkhani ya magetsi tisamaimve ngati yachilendo. Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, ndipo pofika cha m'ma 1905 pamishonipo pankayaka magetsi opangidwa ndi madzi a Manchewe. Siteshoni ya Nkula A, yoyamba pa mtsinje wa Shire, inatsegulidwa mu 1966. Werengani nokha, zaka ngati 60 pakati pake. Lero ku Manchewe komweko kuli magetsi a Chipopoma, ochokera m'madzi omwewo, amene akuunikira nyumba ndi timagolosale ta m'deralo. Anzathu a ku Karonga ali ndi siteshoni ya Wovwe kuyambira m'ma 1990. Malasha a ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi timawaona akudutsa pa malole kupita kumafakitale a kutali. Ku Chiweta madzi amatuluka pansi ali otentha, moti akatswiri anabwera kudzawayeza ngati angapangire magetsi. Nayo nkhani yomanga siteshoni yaikulu pa Fufu, pa mtsinje wa South Rukuru, tinayamba kuimva kalekale.

Zonsezi zili m'boma lathu kapena pafupi. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika koposa. Inu amene mwachokera ku Hewe, ku Mhuju, ku mapiri a Phoka, simukusowa kalembera kuti akuuzeni zimenezi. Za Fufu tiziyembekeza ndithu, koma alimi a fodya mukudziwa kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lero ndikamba za ali pamphunoyo.

Shedi yathu pano pa Boma ili ndi magetsi a ESCOM, ndipo timathokoza. Chimene tiyenera kudziwa n'chakuti magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kummwera kwenikweni. Ife tili kumapeto kwa chingwe chachitali. Madzi atachepa m'nyanja mu 2016 ndi 2017, titangoyamba kumene, magetsi ankazima tsiku lathunthu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, ndipo panapita chaka chathunthu ndi miyezi asanabwerere. Mvula inagwa ku Chikwawa, koma makina athu ofinyira mafuta a mpendadzuwa anaima kuno ku Rumphi. Tinathamangira ku jenereta, kenaka dizilo nayenso anayamba kusowa, mizere pa filing'i sitesheni usiku wonse. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo dizilo ndi katundu wogula ndi ndalama zakunja. Amene munabweretsa mpendadzuwa wanu miyezi imeneyo n'kudikira masabata musanalipidwe, mkwiyo wanu ndikuukumbukira, chifukwa unkafikira pa tebulo langa.

Tsopano za mabatire aja.

Munali m'nyengo yoyamba ija ya kuzimazima kwa magetsi. Ofesi inali mdima, kompyuta yosayaka, sikelo yathu yamagetsi yosatchajidwa. Kunabwera bambo wina wovala bwino, wolankhula mokoma, n'kunena kuti atiikira sola yoyendetsa "chilichonse" pa mtengo wotsika ndi theka poyerekeza ndi wa anthu ena amene tinawafunsa. Komiti inakondwa. Ine ndinakondwa koposa onse, poti ntchito ya msungichuma ndi kukonda zotchipa. Sitinamufunse chiphaso. Sitinafunse kuti mabatirewo ndi atsopano kapena ayi. Lisiti anatilembera pa pepala la kope. Masabata oyamba zinali bwino, moti anthu ankachita kubwera kudzaona ofesi ikuwala pomwe Boma lonse lili bii. Mvula yotsatira isanathe, mabatire anayamba kufa ikangokwana 7 koloko madzulo. Chaka chisanakwane anali atatupa ngati mkate, ndipo foni ya bambo uja inali itasiya kulira. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo phula tinadya tonse, koma supuni inali m'manja mwanga.

Kwa nthawi yaitali ndinkangoti anatibera. Anatibera ndithu, pakuti mabatire ena anali akale, ongopukutidwa. Koma patapita nthawi kunabwera mnyamata wina, mwana wa membala mnzathu, amene anaphunzira za mphamvu zoterezi ku Mzuzu University. Anakhala nane pansi ndi pensulo, ndipo ndinaona kuti ngakhale mabatirewo akanakhala atsopano, ife tomwe tikanawapha. Masamu akewo ndikufuna nanunso muwamve, si ovuta kuposa a feteleza.

Batire ili ngati thanki ya madzi. Batire wamba ya mavoti 12, yolembedwa 100Ah, ikadzaza imasunga mphamvu yokwana yuniti imodzi ndi kachidutswa, mofanana ndi mayunitsi amene mumagula a ESCOM aja. Koma batire ya asidi safuna kuikhuthula yonse. Mukamaitsitsa kupitirira theka tsiku ndi tsiku, imakalamba msanga. Ndiye kuti chimene muli nacho chenicheni ndi theka la yuniti ndi pang'ono. Tsono ketulo yamagetsi ya mawati 2,000 ikayaka mphindi khumi zokha, yadya gawo limodzi mwa magawo atatu a yuniti. Mwamva? Ife a komiti, pa msonkhano uliwonse, tiyi ankawira kawiri. Wina ankabweranso ndi ayironi kudzasita malaya a ku tchalitchi, sinditchula dzina, ali pompano. Pamenepo n'kuti panelo imene inayenera kudzaza mabatirewo ili yaing'ono, yoikidwa pansi pa mthunzi wa mango, fumbi lili mbuu. Thanki tinkatunga ndi ndowa, tikuthiramo ndi kapu.

Mnyamata uja anandiphunzitsa kuti pogula sola sumayambira kusitolo, umayambira pa pepala. Lembani chilichonse chimene mukufuna chiyake, mawati ake, ndi maola amene chiziyaka. Mukaphatikiza, m'pamene mudziwe kukula kwa batire ndi panelo. Wogulitsa amene sanakufunseni zimenezi koma akukuuzani kale mtengo, musiyeni apite. Panelo iyang'ane kumpoto, cha ku Nyika uko, itapendekeka pang'ono kuti madzi a mvula azitsetsereka, chifukwa kuno miyezi yambiri, makamaka nthawi yozizira, dzuwa limadutsa chakumpoto. Mthunzi wa nthambi imodzi yokha umatha kugwetsa mphamvu ya panelo yonse. Muziipukuta ndi kansalu konyowa m'mamawa, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Pakati pa panelo ndi batire pasalephere kukhala kabokosi kaja amati kontirola, kamene kamaletsa batire kudzaza mopitirira ndi kutsika mopitirira. Ambiri kumudzi mumakachotsa n'kulumikiza mawaya mwachindunji kuti "itchaje msanga". Mukuiphika batireyo. Ndipo batire ya galimoto si ya sola. Inapangidwa kuti ilize injini kamphindi basi, osati kuunikira usiku wonse.

Amisiri oika sola amayenera kukhala ndi chiphaso cha MERA. Chifunseni, musachite manyazi. Funsaninso lisiti yeniyeni ndi pepala la walanti lonena kuti chikaonongeka m'miyezi yakutiyakuti adzakonza ndani. Masiku ano kwabweranso mabatire a lithiamu, okwera mtengo pogula koma okhalitsa zaka zambiri kuposa a asidi. Kwabweranso timasola tolipira pang'onopang'ono pa foni, tokhala ndi mababu atatu kapena anayi, wailesi ndi potchajira. Kwa banja la kumudzi ine ndimati ndi tabwino, kuposa kugula mabatire a tochi sabata iliyonse mpaka kalekale. Koma musanasayine, chulukitsani ndalama ya pamwezi ndi miyezi yonse kuti muone mtengo wake weniweni, ndipo mudzifunse ngati mudzatha kulipira mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene m'thumba mumakhala mphepo yokhayokha. Mukalephera kulipira amakazimitsa ali kutali.

Inu a pa Boma amene muli ndi mita, yanu ndi yaifupi. Babu lakale lija la mawati 60 likamayaka maola asanu tsiku lililonse, pamwezi ladya mayunitsi 9. Babu la LED la mawati 9, lowala chimodzimodzi, silifika yuniti imodzi ndi theka. Nyumba ya mababu anayi, kusiyana kwake ndi mayunitsi 30 mwezi uliwonse. Ku shedi tinasintha onse, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene ndinagula pa udindo wanga popanda wina kudandaula.

Funso limene mumandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, bwanji chigayo ndi makina a mafuta osangoziika pa sola, tithane ndi dizilo? Yankho langa mwina silikusangalatsani. Mota ya mahosipawa 20 imafuna makilowati pafupifupi 15. Mapanelo akuluakulu a mawati 500 angafunike 30 pongowerengera papepala, ndipo zenizeni n'zoposa pamenepo, chifukwa panelo sipereka zonse zimene inalembedwa, komanso mota ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa ikamayenda. Mukati muonjezere mabatire oti chigayo chigaye madzulo, mtengo wake ungameze bonasi ya zaka zingapo. Zotheka zilipo, monga kugwiritsa makina ang'onoang'ono masana dzuwa lili pamutu, magetsi a ESCOM n'kumathandizira. Tidzafikako. Koma munthu amene anapsa ndi mabatire anayi sangakulangizeni kuti muyambire pa mabatire makumi awiri.

Pamene sola ndaiona ikugwira ntchito popanda vuto lalikulu ndi pa mpope wa madzi. Chifukwa chake n'chapafupi: sipafunika batire. Dzuwa likatuluka mpope wayamba, madzi akukwera m'thanki pamwamba, ndipo thankiyo ndiyo batire yanu. Madzulo mungotsegula, madzi atsika okha. Miyezi imene dimba limafuna madzi kwambiri, Seputembala, Okutobala, Novembala, ndi yomweyonso imene dzuwa limaswa mtengo. Inu a m'chigwa cha Henga ndi a m'mbali mwa Rukuru amene mumapopa ndi injini ya petulo, mukudziwa kuti chaka chimene mafuta anasowa, tomato ndi chimanga chachiwisi zinauma madzi akuyenda poteropo. Mavuto ake alipo, sindibisa. Mapanelo amabedwa, choncho amafunika kuwotcherera pa chitsulo ndi kuwalondera. Mpope umadana ndi mchenga ndi matope. Ndipo madzi akakhala ngati aulere anthu amaiwala kutseka, pomwe wa kumunsi kwa mtsinje nayenso akuwafuna.

Tsopano ndilowe m'khitchini, ndipo abambo musayambe kuyang'ana mafoni, nkhaniyi ndi yanunso.

Tikamakamba za mphamvu timathamangira magetsi, koma moto umene dziko lino limadalira kwenikweni ndi wa nkhuni ndi makala. Kalembera yemwe uja anapeza kuti mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira zimenezi. Ngakhale pano pa Boma, nyumba ya magetsi, nsima imaphikidwa pa mbaula ya makala. Ine ndili mtsikana, nkhuni tinkatola kuseri kwa munda, mphika uli pamoto. Lero adzukulu anga amanyamuka kusanache n'kubwera dzuwa lili pamutu. Mapiri amene atizungulirawa mukuwaona nokha mmene ayeretsekera. A kufupi ndi Vwaza ndi Nyika mukudziwa kumene mtolo wa nkhuni umafikitsa munthu akadumpha malire. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango za makala opanda chilolezo zinakwera, koma thumba la makala silinasiye kutsika phiri pa njinga, chifukwa ogula ndife tomwe.

Ndipo nkhuni ndi magetsi ndi nkhani imodzi. Madzi amene amazunguza makina ku Manchewe ndi ku Wovwe, ngakhale amene tikufuna kupopa m'madimba athu, amachokera m'mapiri. Phiri likakhala lopanda mitengo, mvula imathamanga tsiku limodzi ndi dothi lake, mtsinje n'kudzaza mchenga, pofika Okutobala watsala kamkwasa. Tikhoza kugula mpope wabwino kwambiri n'kusowa choupopetsa.

Mafuwa atatu ndi chinthu chimene tinabadwa nacho, koma kunena zoona moto wambiri pa mafuwa umaotha mphepo, mphika umangolandira kagawo. Mbaula ya dothi ija ya Chitetezo imasonkhanitsa moto pansi pa mphika, ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Boma linaika cholinga mu 2013 choti mbaula zosunga nkhuni zikwane 2 miliyoni pofika 2020, ndiye ambiri mwa inu munailandirapo kapena kuiona. Anzathu a ku Nkhata Bay ali ndi ina yomanga ndi zidina 26 ndi dothi, ya mabowo awiri, imene amaitcha Changu Changu Moto. A bungwe la Ripple Africa, amene anaifalitsa, amati banja limene linkatha mitolo itatu pa sabata limatha umodzi. Ine ndinamanga yotere kwathu. Sindinayeze ndi sikelo, koma maulendo a kuphiri anachepa moonekeratu, ndipo ndiwo ndi nsima zimapsa nthawi imodzi.

Nanga bwanji m'makomo ambiri mbaula ija ili pakhonde, nkhuku ikuikiramo mazira? Amayi tiyankhe moona. Ena timati siikwana mphika waukulu wa pa maliro kapena wa aganyu. Zoona. Ena timati mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa ku Phoka kuja, ana amafuna moto woti aothe. Zoonanso. Palibe akukuletsani kusonkha mafuwa tsiku la chikondwerero kapena usiku wa chisanu. Koma masiku wamba ndi ochuluka kuposa amenewo. Vuto lina ndi lakuti nkhuni za mbaula zimafuna kuwaza tizidutswa, ndipo nkhwangwa ili ndi eni ake. Abambo, ndinakuuzani kuti nkhaniyi ndi yanunso.

Pa za utsi ndisakunamizeni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka. Koma kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chilumba ndi ku Chikwawa, pomwe mabanja anapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi kafani, anapeza kuti chibayo mwa ana aang'ono sichinachepe, ngakhale kuti ana opsa ndi moto anachepa. Ndiye mbaula tiikonde chifukwa chosunga nkhuni ndi kuteteza ana kumoto, koma tisaiyese mankhwala. Khitchini ikhale ndi zenera kapena mpata pamwamba, nkhuni zikhale zouma, ndipo mwana wakhanda asakhale kumsana mu utsi maola onse ophika.

Palinso tinthu tosafuna ndalama. Nyemba zathu zino, mukaziviika usiku, m'mawa zimapsa ndi nkhuni zochepa. Mphika uzivundikiridwa. Nyemba zikawira bwinobwino, ikani mphikawo m'dengu loyalamo nsanza kapena bulangeti lakale, fundikani, zipitiriza kupsa zokha inu muli kumunda. Apongozi anga ankati zimenezi ndi ulesi, mpaka tsiku limene anadya osadziwa. A pa Boma amene mungathe, poto wamagetsi uja wotseka ndi mphamvu amaphika nyemba ndi magetsi osafika yuniti imodzi. Yerekezani ndi makala amene mumathera pa mphika womwewo.

Alimi a fodya, mitengo ya zigafa chaka ndi chaka imachokera kuti? Alangizi akhala akutiuza za chigafa chamoyo, chodzala mitengo m'mizere momwe mukanakumbira mafoloko, kuti ikakula ikhale nsanamira zosafuna kusintha. Zimatenga zaka zingapo, n'chifukwa chake ambiri timazengereza. Koma kopaletivi ino yatha zaka khumi. Tikanadzala chaka chimene tinalembetsa, bwenzi pano tikupachika fodya pamenepo. Chimodzimodzi kamunda ka nkhuni kuseri kwa nyumba, keshya, gliricidia, nsungwi, ndi nandolo m'munda, amene amakupatsani ndiwo, chonde ndi nkhuni pa phesi limodzi.

Za gasi wochokera ku ndowe ndingodutsapo. Amagwira ntchito kwa amene ali ndi ng'ombe zogona m'khola ndi madzi okwanira tsiku lililonse, ndipo kumalo ozizira gasiyo amachepa. Si wa aliyense.

Koma za masukulu ndiime pang'ono, chifukwa ambiri tili m'makomiti a makolo. Pitani kuseri kwa khitchini ya sukulu iliyonse yogonera komweko, mukaone mulu wa zipika. Zimabwera pa lole, teremu ndi teremu, ndipo ndalama yake ili mu fizi imene inu mumalipira mutagulitsa soya. Zilipo mbaula zikuluzikulu zomangira, zokhala ndi chumuni, zimene mphika umalowa m'kati moto n'kuuzungulira, ndipo zimachepetsa nkhuni kwambiri. Pa msonkhano wa makolo funsani kuti nkhuni zikutha ndalama zingati pa teremu. Si mwano, ndi ndalama zanu. Ifenso kuseri kwa shedi tili ndi phiri la makoko a mtedza limene timangolitentha. Makoko amenewo akhoza kuumbidwa kukhala timabuliketi toyaka. Achinyamata athu akufuna kuyesa. Ine ndati yesani ndi ndowa imodzi kaye, muphikire amayi anu, akavomereza m'pamene tikambe zogula makina.

Ndifike pa chimene chandiimika pano. Pa msonkhano waukulu mwezi wamawa, komiti ibweretsa ganizo loti gawo lina la bonasi ya chaka chino ndi chamawa lisagawidwe, koma ligule mpope wa sola ndi thanki za dimba la gulu, ndiponso kuti tiphunzitse amayi ena kumanga mbaula m'makalabu onse. Mudzavota ndinu. Ine ndidzavomera, koma ndikudziwa chimene tikupempha. Alipo pano amayi amasiye amene bonasi imeneyo ndiyo fizi ya teremu yoyamba. Alipo a kumapiri amene dimbalo lili kutali nawo, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti ife tipindula chiyani. Amenewa akaimirira kukana, musawazomere. Ayankhidwe ndi manambala, ndipo ngati yankho palibe, ganizolo libwerere ku komiti likakonzedwe.

Dzanja langa ndidzakweza pokhapokha zinthu izi zitalembedwa m'maminitsi. Mitengo ifunsidwe kwa amisiri atatu okhala ndi chiphaso, ndipo iwerengedwe pamaso pa mamembala, osati m'chipinda cha komiti. Achinyamata athu awiri, mtsikana ndi mnyamata, akhale pambali pa mmisiri kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, kuti fyuzi ikapsa tisamadikire munthu wochokera ku Mzuzu. Aliyense wothirira azisonkha kangachepe pokolola, kolowa m'thumba lokonzetsera limene silidzabwerekedwa ngakhale pa maliro. Pampu zambiri zimene mumaziona zitafa m'midzi sizinafe ndi matenda aakulu, zinasowa kandalama kochepa tsiku limene zinadwala. Ndipo ndandanda wa madzi ulembedwe mpope usanafike, kuyambira a minda yaing'ono, chifukwa ukafika kale aliyense amakhala m'bale wa wapampando. Pepani a wapampando, ndanena ndine.

Mabatire otupa aja sitinawataye. Ali m'kachipinda ka kuseri, ndipo ndapempha kuti lero awatulutse, muwaone pamene mukupita kukalandira chakudya. Ana asawagwire, muli asidi ndi mtovu. Pambali pake amayi a kalabu ya kwathu amanga mbaula ziwiri, ndipo nyemba zimene mudye masana ano zaphikidwa pamenepo. Nkhuni zimene zatsala pa mtolo umodzi umene tinawapatsa m'mawa zili pomwepo, mukaziwerenge nokha. Ofuna kuphunzira kumanga mulembetse kwa alembi musananyamuke, mutchule mudzi ndi kalabu yanu.